Madzi Saiwala Khwawa

Akuluakulu akamati madzi saiwala khwawa, kawirikawiri amakhala akunena munthu. Amanena mkamwini amene analumbira pamaso pa ankhoswe kuti mowa wausiya, koma mwezi usanathe wapezekanso atagwira chipanda. Amanenanso mwana amene anasowera ku Joni zaka zambirimbiri, tsiku lina nkungotulukira pakhomo pa amake. Mwambiwu tinauzolowera choncho, mwakuti sitikumbukiranso kuti amene anayamba kuunena anali atayang'anitsitsa madzi enieni. Anaona khwawa litauma gwaa m'chilimwe, mbuzi zikudutsamo, ana akuseweramo, wina mpaka kumangamo khola. Mvula yoyamba itagwa, madzi anabwera ndithu, osafunsa njira kwa munthu.

Chimene mwambiwu sunatchule ndi katundu amene madziwo amasenza. Madzi salowa m'khwawa chimanjamanja. Chilichonse chimene apeza pamtunda chopanda muzu wochigwira kapena tsamba lochiphimba, amapita nacho. Kale ankangotenga zinyalala za m'thengo ndi timchenga, chifukwa mapiri anali ndi mitengo ndipo munda ukatopa unkasiyidwa kuti ukhale tsala. Pa kalembera wa 1966 tinalipo anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa wa 2018 tinali titapitirira 17.5 miliyoni. Tsala linatha. Khasu linakwera phiri, linatsikanso mpaka pagombe penipeni pa mtsinje.

Kaimeni pamlatho wa Linthipe, pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza, m'mawa wotsatira chimvula cha mu Disembala. Madzi ake amakhala ofiira ndi olemera, moti mukatunga m'ndowa nkudikira pang'ono, pansi pamatsala matope okhuthala. Odutsa pa minibasi amangoti mtsinje wadzaza, ulendo nkumapitirira. Koma kufiira kumeneko ndi minda ya anthu a ku Dedza ili paulendo wa ku Salima, eni ake osatsanzikidwa.

Kafukufuku amene boma linachita mothandizidwa ndi mabungwe a United Nations, kuphatikizapo FAO, anapeza kuti mu 2014, tikatenga dziko lonse pamodzi, hekitala iliyonse inkataya matani pafupifupi 29 a dothi pachaka. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Mu 1992 Banki Yaikulu Padziko Lonse inkanena za matani 20. Ndipo dothi loyamba kunyamuka ndi lapamwamba, lakuda ndi lofewa lija, momwe muli zowolerana za masamba ndi chonde chonse chimene munda unasonkhanitsa kwa zaka. Ndi momwenso mlimi wangothiramo feteleza wake dzulo.

Ganizirani ulendo wa thumba limodzi la feteleza. Zopangira zake sizichokera kuno. Limatsika m'sitima ku Beira kapena ku Nacala, litagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lathu limazisowa ngakhale pogula mafuta ndi mankhwala a m'zipatala. Kuyambira 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi, kudzafika pa ndondomeko ya AIP yomwe inayamba mu 2020 thumba likugulidwa K4,495, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lakhala likuthera pa matumba amenewa. Mayi wa kumudzi amalawirira mbandakucha ndi chitupa chake cha unzika kukaima pamzere, nthawi zina kugona komweko poti netiweki yavuta. Amene dzina lake silinatuluke amagulitsa mbuzi, kapena kukongola ku banki m'khonde, nkukagula wopimitsa kwa mavenda. Akafika naye kumunda amamuyeza ndi kachitsekerero ka botolo, phando ndi phando, mtima uli m'mwamba kuti angamuthere mizere isanathe.

Ndiye usiku womwewo kugwa chimvula. Walira mvula walira matope, inde, koma m'matope amenewa muli thukuta la mayi uja. Chakudya cha mbewu chomwe chili mu feteleza chimathawa m'munda m'njira zosiyana. Nayitrojeni, amene ndi wochuluka mu Urea, amasungunuka msanga nkutsagana ndi madzi, kaya oyenda pamwamba kaya olowa pansi kupitirira pomwe mizu ya chimanga imafika. Akasiyidwa poyera padzuwa, wina amauluka. Fosiforasi wa mu feteleza wokulitsa amakakamira kudothi, choncho dothi likanyamuka nayenso wanyamuka. Akatswiri amati padziko lonse mbewu zimadya theka lokha, mwinanso osafika, la nayitrojeni amene alimi amathira. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Feteleza wako ndi amene chimanga chadya. Wongomwazidwa pamwamba pa mzere wopanda chophimba ngwa khwawa.

Kumene akupitako sakagona. Chimene chimabiriwitsa chimanga chimabiriwitsanso zomera za m'madzi. Padziwe pomwe pankaoneka mchenga wa pansi pamayamba ndere, madzi nkusanduka obiriwira ndi onunkha. Ndere zikafa zimamira, ndipo tizilombo toziwoletsa timamaliza mpweya umene nsomba zimapuma m'madzimo. Oyamba kuzindikira amakhala amayi otunga madzi ndi asodzi.

Pamtsinje wa Shire vutoli lili ndi dzina lodziwika kwa aliyense, namasupuni. Kwawo ndi ku South America. Anayamba kuoneka kuchigwa cha Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pofika m'ma 1990 anali atapezeka kumtunda, cha ku Liwonde ndi ku Mangochi. Maluwa ake ndi okongola zedi, nchifukwa chake anthu anamufalitsa m'maiko ambiri kuti azikongoletsa maiwe a pakhomo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Akapeza madzi ofunda okhala ndi chakudya chokwanira, pa masabata awiri okha amatha kuchuluka kawiri. Amatseka madooko, amakola maukonde, amatchinga kuwala kwa dzuwa, amabisa udzudzu ndi nkhono za likodzo. Kenaka iye pamodzi ndi udzu wina woyandama amaduka zisumbuzisumbu nkuyamba kutsika ndi mtsinje.

Kumunsiko kuli Nkula, komwe makina oyamba anayamba kupukusa magetsi mu 1966. Kuli Tedzani, kuli Kapichira. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pamtsinje umodzi womwewu. Zinyalala zikatseka zosefera za polowera madzi, kapena matope akadzaza m'damu, makina amazimitsidwa kuti anthu achotse. Mu 2001 zosefera za ku Tedzani zinagonja, ndipo makina ena a kumeneko anakhala zaka osagwira ntchito. Pa Walker's Ferry, pomwe mzinda wa Blantyre umapopa madzi ake ambiri, mchenga ndi matope zimadya mapampu. Choncho wowotcherera zitsulo ku Ndirande amene wakhala tsiku lonse manja ali m'thumba, ndi wachigayo wa ku Lunzu amene wabweza amayi ndi chimanga chawo pamutu, akulipira mtengo wa dothi lomwe linachoka ku Ntcheu, Balaka, Neno ndi Machinga. Iwo ndi mlimi wa kumtundayo sadziwana, koma khwawa linawalumikiza.

Zimene zachitika pofuna kupulumutsa Shire si zochepa. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera tizilombo tofanana ndi anankafumbwe tomwe timadya namasupuni. Pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965 nkudzakonzedwanso ndi thandizo la Banki Yaikulu, pali chotchinga chokola udzu woyandama. Thandizo la dziko la America la Millennium Challenge, la pakati pa 2013 ndi 2018, linagula makina odula udzu m'madzi ndi okumba matope. Zonsezi nzofunika, ndipo anthu ogwira ntchito imeneyi usana ndi usiku ngoyenera kuwathokoza. Koma ndi ntchito ya kumathero. Makina amachotsa, dzinja likabwera mvula imabweretsa zina, pakuti gwero lake lili m'munda wa munthu amene mwina sanayatsepo babu m'nyumba mwake.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi nyanja. Mtsinje umatha kudzitsuka, chifukwa madzi ake ali paulendo. Nyanja ya Malawi siili choncho. Mitsinje yolowamo ndi yambiri: Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, Ruhuhu wa ku Tanzania ndi ina. Wotuluka ndi Shire yekha, ndipo madzi ochuluka a m'nyanjayi amachoka pouma ndi dzuwa, ochepa okha ndi amene amadutsa pa Mangochi. Madzi akauluka, katundu amene anabwera naye amatsala. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 200 kapena 250 kulibe mpweya woti nsomba nkukhalako. Chimene tathiramo lero chidzakhalamobe ife, ana athu ndi adzukulu athu titapita. Akatswiri amene ankagwira ntchito ku Senga Bay chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayeza mitsinje yolowa m'nyanja, napeza kuti yochokera m'madera olimidwa kwambiri, monga Linthipe, imabweretsa dothi ndi chakudya cha zomera chochuluka kutalitali poyerekeza ndi yochokera m'nkhalango.

Mbuna, tinsomba tamawangamawanga tomwe tinachititsa kuti mu 1984 UNESCO iike paki ya ku Cape Maclear pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, timadya ndere zopyapyala zomera pamiyala. Matope akakuta miyalayo chakudya chatha, ndipo madzi akada kuwala sikufika pansi. Mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje nthawi ya mvula kukaikira mazira patimiyala toyera ta m'madzi othamanga. Bua akadali ndi mpasa makamaka chifukwa chigawo chake chakumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. M'mitsinje ina yambiri timiyalato tinakwiririka. Tikamadandaula kuti nsomba zadula, timaloza chala maneti a udzudzu ndi kuchuluka kwa asodzi, ndipo sitinama. Koma nalo khasu lili ndi mlandu wake pambale ya ndiwo.

Anzathu ena anafika kale kumene ife tikulowera. Pa nyanja ya Victoria, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, namasupuni anatseka doko la Kisumu mpaka mabwato kulephera kutuluka. Ku America mtsinje wa Mississippi umatsitsa feteleza wa m'minda ikuluikulu ya chimanga kukathira m'nyanja ya Gulf of Mexico, ndipo nyengo yotentha iliyonse pansi pa nyanjayo pamakhala dera lopanda mpweya, lomwe nsomba zimalithawa, zolephera kuthawa nkufa. Mu 2017 deralo linaposa masikweya kilomita 22,000, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a Nyanja ya Malawi. Mu Ogasiti 2014 anthu oposa 400,000 a mumzinda wa Toledo ndi madera oyandikana nawo anauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi kwa masiku atatu, chifukwa ndere za m'nyanja ya Erie zinali zitatulutsa poizoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe matenda athu ndi awo safanana m'zonse, ndipo apa mpofunika kudekha. Alimi a ku Iowa, ku America, nthawi zambiri amathira feteleza wochuluka kuposa amene chimanga chawo chimadya, choncho kuwauza kuti achepetse nkoyenera. Ku Ulaya lamulo la 1991 linaika malire a manyowa a ziweto amene mlimi angathire pa hekitala m'madera omwe madzi ali pachiopsezo, chifukwa kumeneko ndowe zinachuluka kuposa minda. Mayi wa kachitsekerero ka botolo uja sali m'gulu limenelo. Atsogoleri a mu Africa atakumana ku Abuja mu 2006 anadandaula kuti alimi athu amathira wochepa zedi, nagwirizana zokweza mpaka makilogalamu 50 pa hekitala. Kuuza mlimi wa ku Ntcheu kuti asiye feteleza pofuna kuteteza chambo ndi kumuuza kuti ana ake azigona ndi njala. Sadzamva, ndipo sayenera kumva. Vuto lathu nlakuti wochepa yemweyo tikumuthira m'nthaka yomwe inaleka kugwira kanthu, ngati kuthira ufa m'thumba lobooka. Tikamvetsa zimenezi tiona kuti mlimi ndi mtsinje sali pamkangano. Kachitsekerero kalikonse ka feteleza kotsala m'munda ndi chimanga m'nkhokwe, komanso ndi ndere zochepa kudooko.

Chimene chimapatsa nthaka mphamvu yogwira ndi zowolerana. Dothi lokhala ndi manyowa limamwa madzi nkuwasunga, limasunganso chakudya cha mbewu kuti mizu izitapa pang'onopang'ono. Dothi loguga limaumbika pamwamba mvula ikangolimenya, ndipo pansi pa mizere, pomwe khasu lakhala likulekezera zaka zonsezi, pamalimba moti madzi salowa ndipo muzu ukafikapo umapinda. Mvula yogwa pamunda wotere ilibe kolowera, imangothamanga. Nchifukwa chake mumamva alimi ambiri akuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu, matumba awiri omwe kale ankadzaza ngolo zingapo lero sakufikitsa banja mu Disembala. Chofooka kwambiri ndi nthaka, ndipo kaufiti amene wafiiritsa mizere ndiye mboni yake.

Amene akufuna kuona nthaka yamoyo apite cha ku Salima kapena ku Golomoti mwezi wa Febuluwale, akayang'ane chimanga cha patsinde pa msangu. Chimakhala chobiriwira mochita kuda, chachitali kuposa chinzake cha pambali, pamene mwina sichinalawe nkomwe feteleza. Mitengo ina imaphuka masamba mvula ikayandikira; msangu ndi pamene umayoyola ake, kuwasiya pansi kuti awole nthawi yomwe chimanga chikufuna chakudya, nthambi zake nkukhala zopanda tsamba kuti dzuwa lifike pambewu. M'chilimwe umaphukanso, nkupereka mthunzi ndi zipatso zomwe mbuzi ndi ng'ombe zimazikonda. Mizu yake imatsika pansi kwambiri kukatenga zimene zinapitirira mizu ya chimanga nkuzibwezera pamwamba. Makolo a m'madera amenewa ankausiya polima, popanda mlangizi wowauza. Ine ndikamaona chitsa cha msangu m'munda mtima umandiwawa kuposa chitsa cha mtengo wina uliwonse, chifukwa umachedwa kukula, ndipo amene waudula wadula chakudya cha ana ake.

Kwa wosatha kudikira kuli gliricidia, amene akatswiri a bungwe la ICRAF anamuyesa pamodzi ndi chimanga ku Makoka, ku Zomba, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amadzalidwa m'munda momwemo, nkumasadzidwa, masamba ake kukwiriridwa m'mizere. Kuli nandolo, amene alimi a kumwera akhala akumusakaniza ndi chimanga kuyambira kale; amatsala m'munda chimanga chitakololedwa, akuyoyola masamba, mizu yake ikuboola dothi lolimba lija. Ku Ekwendeni, kuyambira mu 2000, alimi ogwira ntchito ndi bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, lomwe linayambira pachipatala cha kumeneko chifukwa cha ana onyentchera, anayamba kudzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira nkuikamo chimanga. Mbewu za mtundu wa nyemba zimatenga nayitrojeni mumpweya, ndipo nthaka imamulandira pang'onopang'ono pamene masamba ndi mizu zikuwola, moti chimvula cha usiku umodzi sichingamutenge yense. Manyowa a Mbeya, omwe alimi ambiri awaphunzira mitengo ya feteleza itakwera, amatsata nzeru yomweyo: feteleza pang'ono kusakaniza ndi ndowe, gaga ndi phulusa, kuwaza madzi, nkumanga m'thumba kwa masabata atatu.

Palinso ntchito yochedwetsa madzi. Khwawa sangaliiwale, koma angathe kuimitsidwa panjira, ndipo madzi akaima amatula katundu. Akalozera oyezedwa bwino kuti mizere igone mopingasa phiri, ngonyeka zotseka pakati pa mizere, mpanda wa vetiva wokola dothi, miyala yotchinga m'chigwembe chisanakule, zonsezi cholinga chake nchakuti dontho la mvula lilowe pomwe lagwera. Pothira feteleza, kuboola kadzenje pambali pa phando nkukwirira kumapweteka msana kuposa kumwaza, koma wokwiriridwa sapita ndi mvula yoyamba. Wobereketsa amafunika chimanga chili ndi masabata atatu kapena anayi, mizu ili ndi njala. Apa boma lili ndi mbali yake, chifukwa feteleza wokulitsa wofika m'madepoti mu Januwale amapeza chimanga chitapitirira msinkhu womufunira, mvula ili pachimake.

Koma chachikulu pa zonse, mmene ndikuonera ine, ndi mapesi. Munda wophimbidwa ndi mapesi sumenyedwa ndi madontho a mvula, suuma msanga, ndipo nyongolotsi zimabwereramo nkumaboola timauna tolowera madzi. Ulimi wa mtayakhasu, womwe bungwe la Total LandCare lakhala likuuyesa ndi alimi a ku Nkhotakota ndi madera ena kwa zaka zambiri, umadalira kusagalauza nthaka, kuiphimba ndi kusinthasintha mbewu. Komabe chaka chilichonse kuyambira Julayi dziko lonse limafuka utsi. Anyamata osaka mbewa amayatsa moto kuti mauna aoneke, ndipo moto sudziwa malire a munda. Ziweto zimamasulidwa kukolola kukatha, nkukadya zophimba za mlimi amene anavutika kuziyala. Mayi wosowa nkhuni amaphikira mapesi omwewo. Wina amaopa chiswe, wina amaopa kuti munda wosalimidwa anthu aziti ngwa mlesi. Anthu amenewa sindiwayesa osamva. Aliyense ali ndi chifukwa chake, ndipo mbewa ndi ndiwo panyumba yomwe nyama imalowa pa Khirisimasi pokha. Zimangosonyeza kuti munthu sangaphimbe munda yekha pamudzi pomwe ena onse amaotcha. Mutu umodzi susenza denga. Pamafunika kuti mfumu ndi anthu ake akhale pansi, agwirizane za moto ndi za ziweto, wophwanya pangano azikayankha pabwalo la mudzi womwewo.

Nkhani ya madimba ndi yowawa kwambiri. M'mphepete mwa mtsinje ndimo mumayenera kukhala bango, nsungwi, mikuyu ndi mbawa, zoti zikole dothi madzi a kumunda asanalowe mumtsinje. Koma ndi momwenso muli chinyontho m'chilimwe, ndipo njala ya 2002 itatha tinalimbikitsa tokha ulimi wa m'madimba, kugawa mapampu opalasa ndi miyendo kuti anthu azikolola kawiri pachaka. Tomato, kabichi ndi chimanga chachiwisi cha m'misika ya m'tauni zimachokera mmenemo, ndipo zimalandira feteleza ndi mankhwala pafupipafupi, madzi a mumtsinje ali pomwepo. Kungouza wadimba kuti achoke sikungathandize, pakuti dimbalo ndi fizi ya mwana wake. Chotheka ndi kumupempha kuti abwerere m'mbuyo mapazi angapo, mpata wotsalawo adzalemo zomwe zingamupindulire popanda kugalauza nthaka chaka ndi chaka: nthochi, nsungwi, nsenjere zodyetsa ng'ombe yamkaka, mitengo ya zipatso.

Ndikuti kumupempha chifukwa njira yokakamiza tinaiona kale. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma la atsamunda linaona kukokoloka komweku nkukhazikitsa malamulo a malimidwe. Wosapanga mizere yopingasa ndi milambala ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa, ena kuwazulira mbewu. Zina mwa zimene malamulowo ankafuna zinali zoona, koma chifukwa zinabwera ndi ndende anthu anadana nazo, ndipo mkwiyo wa malimidwe unathandiza kukolezera moto wa Nyasaland African Congress. Mlimi amatsata chimene waona ndi maso ake kuti chadyetsa mnzake. Munda woyandikana naye, umene unapirira ng'amba ya masabata atatu chifukwa unali wophimbidwa pamene wake unafota, umamukopa kuposa lamulo lililonse.

Tisamusenzetsenso mlimi wamng'ono mtolo wonse. Minda ikuluikulu ya nzimbe, tiyi ndi fodya imathira feteleza wochuluka pa hekitala kuposa iye, ndipo ngalande zake zimathera m'mitsinje yomweyi. Fungo la Mudi ku Blantyre, ndi la mtsinje wa Lilongwe podutsa mumzinda, limachokera m'masuweji ophulika, m'misika ndi m'mafakitale. Tili ndi lamulo la zamadzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017. Amenewa ayambe kugwira ntchito pa amene ali ndi ndalama zoyezera ndi kuyeretsera madzi otuluka pamalo pawo, ndipo zotsatira za kuyezako zizilengezedwa poyera.

Atsogoleri a mu Africa atakumananso ku Nairobi mu Meyi 2024, pamutu wa msonkhano wawo panali feteleza pamodzi ndi thanzi la nthaka. Kuno kwathu mawu amenewo aoneke mu bajeti. Mlangizi mmodzi wa zaulimi amayang'anira mabanja ochuluka zedi, m'madera ena masauzande, kawirikawiri wopanda ngakhale njinga yodalirika, pamene mabiliyoni akupita kumatumba. Thumba lililonse lotsika mtengo lizipita limodzi ndi mbewu ya nandolo, mtedza kapena soya, komanso ndi munthu wodziwa kuyeza akalozera. Ndipo ife opindula ndi mtsinje kumunsi, ife a magetsi ndi madzi a pampopi, tivomere kuti kagawo ka bilu yathu kazikwera kumtunda, kumidzi yomwe yasunga dothi lake. Ndalama zimenezo tikulipira kale. Pakadali pano zikuthera pa dizilo wa majenereta ndi wa makina okumba matope.

Namondwe Ana mu Januwale 2022 anagumula damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Freddy mu Malichi 2023 anatsitsa matope a m'mapiri a kumwera pamodzi ndi nyumba ndi anthu. Anamondwe sitingawaletse, koma m'madera ambiri anapeza mapiri atadulidwa mitengo ndi mitsinje itakwiririka kale. Zimenezi tonse tinazimva chifukwa zinabwera ndi maliro. Kuchoka kwa dothi ndi feteleza m'munda wa mayi uja sikulengezedwa pawailesi, koma kumachitika mvula iliyonse, m'boma lililonse, ndipo akatswiri akhala akunena kwa zaka zoposa 30. Mtsinje wa Tinkanena unakathera mu Siizi.

Inu amene muli ndi munda, ndi inu amene mumatumiza ndalama ya feteleza kumudzi muli m'tauni kapena kunja, funsani chaka chino kuti mapesi apita kuti. Ngati akadalipo, asaotchedwe. Ayalidwe m'munda mvula isanagwe, nandolo alowe pakati pa chimanga, ndipo feteleza amene mwagulayo akwiriridwe.